Mawu oti kuba apa mwaonjeza

Nkhaniyi mwailemba bwino, koma pomwe mwanena kuti Stephenie Meyer adaba nkhani ya buku lake la Twilight kwa mlembi mnzake L. J. Smith, ine pamenepo ndakana. Nzoona The Vampire Diaries ya Smith idatuluka mu 1991 pomwe Twilight ndi ya 2005, ndipo monse muwiri muli mtsikana wa kusekondale yemwe wakopeka ndi mnyamata woyamwa magazi. Koma kufanana kotereku nkwapamwamba chabe.

Komwe kudandiimitsa mutu nkwa Dead Until Dark ya Charlaine Harris, ya 2001. M'bukuli, mtsikana wotchedwa Sookie amamva zomwe anthu akuganiza kupatula za oyamwa magazi monga bwenzi lake Bill, ndiye akakhala naye pafupi mutu wake umapumako. Kwa Meyer zidangotembenuka: womva maganizo ndi Edward, mnyamata woyamwa magazi uja, koma maganizo a mtsikanayo, Bella, okha sawamva. Nditafika pamenepo mu Twilight ndidatseka buku nkukhala kaye phee, poti ndinali nditangomaliza kumene la Harris. Komabe Sookie ndi wolimba mtima, woperekera zakumwa m'bala ku Louisiana, sangafanane ndi Bella.

Mwaiwalanso za Jordan Scott, yemwe mu 2009 adasumira Meyer kuti Breaking Dawn, buku lopitiriza nkhani ya Twilight, idakopera buku lake la The Nocturne. Khoti ku California lidauthetsa mlanduwo chaka chomwecho.