Timagalasi sitipanga mitundu ayi

Alembi, apo mwati timagalasi ting'onoting'ono ta pa chip cha DLP, kachipangizo ka m'kati mwa pulojekita, ndi timene timapanga mitundu ya zithunzi, mwaphonya pang'ono. Kagalasi kalikonse kamangopendekeka madigiri 12 uku kapena uko, kuwala kupite pa sikirini kapena kutayike pambali. Mu pulojekita ya chip chimodzi, mitundu imachokera ku gudumu la magawo ofiira, obiriwira ndi abuluu lomwe limazungulira kutsogolo kwa babu. N'chifukwa chake ena mukagwedeza maso mumaona ngati utawaleza. Mapulojekita a ma chip atatu alibe vutoli.

Ndipo anzanga, timadontho toyera tikayamba kuchuluka pachithunzi, monga inachitira pulojekita ya kutchalitchi kwathu, musavutike n'kupukuta galasi la kutsogolo. Ndi timagalasi tokakamira timeneto, pofunika chip china basi.