Kachiganizo kamene owerenga amakadumpha nkamene ine ndimakakonda

Loweruka lapitali tinakhala anthu asanu pansi pa mtengo ku Botanical Gardens kuno ku Zomba, tonse ndife oti timalembalemba nkhani zopeka, wina amatumiza kunyuzipepa, wina amangoponya pa Facebook gawo ndi gawo, winanso ali ndi buku lathunthu mu laputopu loti chiyambire palibe analionapo. Timakumana mwezi ukatha, aliyense ndi botolo lake la thobwa, tiwerengerane, tinyozane pang'ono, basi tibalalike. Nde mnyamata wina wa pa Chanco, wamng'ono pa tonsefe, anangofunsa mwadzidzidzi kuti "koma akuluakulu, mu nkhani zanuzi chimene mumachikonda kwenikweni inuyo eni ake nchiyani?"

Wina anati amakonda mathero, paja owerenga akhala akuloza chala wantchito kuti ndi amene anaba ndalama kenako zikupezeka kuti anaba ndi mkulu wampingo. Achemwali ena anati iwo chimawasangalatsa nchoti mu nkhani ndi momwe ali ndi mphamvu, kunyumba apongozi amawalamula, kuntchito abwana amawalamula, koma akatsegula kope atha kupha munthu ndi chiganizo chimodzi osamangidwa. Tinaseka mpaka misozi. Achimwene a laputopu aja anakonza kukhosi nkuti "kuphunzitsa mtundu", nkhope ili ndwii ngati akuyankhula pamaliro. Ine ndinangoti aa kaya, zonse ndimakonda. Linali bodza. Yankho lenileni linandipeza madzulo ndili pa kabaza ndikupita ku Chinamwali, nde ndalisunga sabata yonse lero ndilitulutse pano.

Maganizo anga ndi oti tonse tinanama pang'ono tsiku lija. Mlembi akafunsidwa pagulu amatchula chinthu chooneka bwino, mathero, phunziro, uthenga. Koma chimene amachikonda zenizeni, choti usiku magetsi atazima amatsegula foni nkukawerenganso yekha, nthawi zambiri ndi kanthu kakang'ono koti owerenga amangokadumpha pothamangira kuti adziwe ngati banja litha kapena ayi. Kachiganizo kamodzi. Pena mawu atatu okha. Ndipo amakakonda chifukwa ndi momwe anabisamo munthu weniweni.

Ndipereke chitsanzo changa chomwe, poti za anzanga ndingazinamizire.

Ndinalembapo nkhani ya mtsikana wa ku Kachulu amene mamuna wake anapita ku Joni, zaka zinayi osatumiza kanthu, kenako nkubwera akudwala ali ndi kachikwama kamodzi. Nkhani zotere mukuzidziwa, aliyense analembapo yake, sindinganene kuti munali chachilendo. Koma pakati pake ndinaikamo agogo ena okhala pakhonde akusoka mphasa yoyanikira matemba nthawi yoti nyanja yaphwa, mabwato angogona pamatope, anthu akusamuka. Mdzukulu wawo akuwafunsa kuti agogo mukuvutikiranji nsomba kulibe, iwo nkuyankha kuti "nyanjayi siinafe ayi, yapita kumaliro kwa abale ake, ikamaliza kulira ibwera."

Mawu amenewo sindinapeke ine. Ananena ndi agogo anga ondiberekera amayi mu 1995, chaka chimene Chilwa inaphweratu, ine ndili kamwana ka pulayimale kongoyenda opanda nsapato. Ndipo nyanja inabweradi, iwo anadyanso matemba ake zaka zingapo asanatisiye. Pamene madzi anathawanso mu 2018 iwo kunalibe, ine ndinapita kukaona ndipo mawu aja anangondibwerera m'makutu ngati akuyankhula pambali panga, mpaka kafungo ka fodya wawo wa pamphuno. Chithunzi chawo tilibe olo chimodzi. Chinalipo cha pa chiphaso chovotera koma chinanyowa ndi mvula ya Freddy mu 2023 pamodzi ndi makope anga akale. Nde mukamva ndikuti kachiganizo kaja ndimakakonda kuposa nkhani yonse muzimvetsa, chithunzi chawo chotsala ndi chimenecho.

Pano mvetserani zimene zinachitika nditaiponya. Anthu anakangana masiku atatu, ena akuti amukhululukire mamunayo poti banja ndi kupirira, ena akuti amubweze kwa amake akadwalire komweko, wina mpaka kundilembera ku inbox kuti ngati mtsikanayo amulandira ndisiya kukuwerengani. Za agogo aja? Zii. Olo mmodzi. Poyamba zinandiwawa, kenako ndinaona kuti nzabwinonso, anakhala anga ndekha pakati pa chigulu.

Chowawa chenicheni chinabwera nditaitumiza kunyuzipepa ina, sinditchula. Inatuluka, ndinathamanga mamawa kukagula pafupi ndi depoti, kutsegula chonchi, ndime ya agogo yonse mulibe. Mkonzi anaidula kuti nkhani ikwane pa tsamba. Ndipo kunena chilungamo, munthu wosadziwa atawerenga sangaone kuti pachoka kanthu, nkhani ikuyenda bwinobwino, mwinanso mwachangu kuposa kale. Koma kwa ine zinali ngati wandibwezera nkhuku yanga atachotsa nthutumba nkumati bwanji ukudandaula nkhuku ndi yomweyi.

Alembi ndife akuba, izi tivomereze. Ine ndikakwera minibasi ya ku Jali kapena ya ku Songani sindivala zomvera m'makutu dala, ndimakhala ndikutola. Mayi wina tsiku lina akukangana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji anamuuza kuti "mwana iwe ndalama yangayo ili ndi ntchito kale isanabadwe", ine pomwepo foni m'manja kulemba. Mumsika wa Zomba, kumene amagulitsa mpunga ndi nsomba zouma kuja, muli ziganizo zoti olo utakhala pa desiki chaka chathunthu sungazipeke. Ukaziika mu nkhani nkukhala bwino pakamwa pa munthu wako wopeka, kukoma kwake kumakhala ngati kwa munthu amene wadutsa pa rodibuloko ndi thumba la makala osamuona. Ukudziwa wekha chimene wanyamula.

Ndipo pali china chogwirizana nacho chimene anthu osalemba amaona ngati tikudzichemerera tikamanena. Munthu amene wamubweretsa ndi mawu obawa amakana kukumvera. Mayi wa chenji uja ndinamuika mu nkhani ina kuti angodutsa, agulitse tomato kwa mwini nkhani nkuzipita. Anakana kuchoka. Gawo lachitatu anali akadalipo, lachisanu nkhani yonse inali yake, mwini nkhani uja wasanduka wongomunyamulira dengu. Ine ndinakonza zoti nkhani ithere paukwati koma inakathera ku polisi chifukwa mayi ameneyo ndi mtima wakewo sakanalola kuti amudyere ndalama za banki m'khonde iye nkungokhala chete. Usiku umene ndinazindikira zimenezo ndinadzuka pabedi nkumaseka ndekha, akunyumba anafunsa ngati ndayamba misala. Palibe mphoto ingafanane ndi usiku umenewo, komanso tinene zoona mphoto zake zili kuti, mipikisano ya bungwe la alembi la MAWU imabwera mwa apo ndi apo ndipo opambana amakhala ochepa, enafe fodya wathu ndi amene ali pamphunoyu.

Tsono za "kuphunzitsa mtundu" zija. Achimwene anga a laputopu ndimawalemekeza ndipo awerenga izi, koma apa nde sitigwirizana. Vuto linayambira kusukulu. Tonse tinakula ndi funso lija la pa mayeso a Chichewa, "kodi nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani?" ndipo tinaloweza kuyankha kuti tisamakhale adyera, tizimvera makolo, tisamathamangire banja. Nde munthu akayamba kulemba amaona ngati nkhani yopanda phunziro lolembedwa poyera ndi ndiwo zopanda mchere, mapeto ake anthu ake onse amayankhula ngati aphunzitsi a Sande sukulu. Koma takumbukirani nthano za kumudzi. Agogo akati "padangokhala" ife "tili tonse", chimene chinatsala m'mutu mpaka lero nchiyani? Ndi kanyimbo kaja ka pakati timavomera tonse, ndi mmene ankasinthira mawu akafika pa Fisi, kukhosi kukuchita kunjenjemera. Phunziro linalipo inde koma linkabwera lokha pambuyo ngati galu wotsatira mwini wake, ndipo ndikukayika ngati agogo ankakonda phunzirolo kuposa kanyimboko, chifukwa kanyimbo ankakabwereza kanayi pomwe phunziro pena ankaiwala nkutchula komwe, tulo tikawagwira.

Komanso kubisa zinthu mu zolemba kuno ku Zomba si zachilendo, tinachita kutengera. Gulu la alembi la pa Chancellor College, lija linayamba mu 1970, linkalemba nthawi yoti bungwe lounika zolemba limawerenga chilichonse ndi diso lofiira, nde anthu anaphunzira kuyankhula za nyama, za mbalame, za Napolo amene anagumula phiri nkusefukira mtauni muno mu 1946, koma akunena zina. Wodziwa amamva, wosadziwa amangoti ndakatulo ya mvula. Ndipo sanali masewera, a Jack Mapanje anawatenga mu 1987 nkukawatsekera ku Mikuyu konkuno mpaka 1991 popanda kuwazenga mlandu. Ine sindikudziyerekeza ndi anthu amenewo ayi, iwo ankabisa poopa ndende, ine ndimabisa agogo anga ndi mayi wa mu minibasi, palibe angandimange. Koma ndimaganiza kuti kakukoma kena nkofanana, koti pa tsamba limene aliyense akuwerenga pali chitseko china chaching'ono chimene kiyi wake ali ndi anthu awiri kapena atatu basi.

Pali pena pamene chikondi chimenechi chimatipusitsa, izinso ndinene. Ndili ndi nkhani ina imene ndinaiononga ndekha chifukwa ndinadzazamo zanga zokhazokha, fungo la mikungudza ku Ku Chawe kukagwa nkhungu, anyamata ogulitsa mabulosi ndi masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera phiri, madzi a pa damu la Mulunguzi mmene amakhalira bata mamawa, zonsezo chifukwa ndi kumene ndinkayenda ndi munthu wina amene pano anakwatiwa kwina. Masamba asanu munthu akungoyenda nkumaona mitengo. Achemwali amene amapha anthu ndi chiganizo aja atawerenga anangoti "achimwene, apa mwalemba kalata, mutumizeni mwini wake, ife mutipatse nkhani." Zinandibaya koma ananena zoona. Nde mkonzi amene anadula agogo uja sindimuda kwenikweni, ntchito yake ndi kuona tsamba, sangadziwe kuti ndime iyi ndi manda a munthu. Chimene ndinaphunzirapo ine nchoti kanthu kako kokondedwa uzikamangirira ku nkhani mwamphamvu koti wina akakazula nkhani igwe. Mu kalembedwe kachiwiri ndinachita zomwezo, mawu a agogo aja ndi amene mtsikana uja amawakumbukira usiku woti asankhe zochita ndi mamuna wake, nde aliyense wofuna kudula adule aone ngati mathero amveke.

Mnyamata wa pa Chanco uja, ngati ukuwerenga, yankho lako ndi limeneli aise, pepa lachedwa sabata.

Kalembedwe kachiwiri kaja ndinakaponya mwezi wathawu. Anthu anakangananso za mamuna wa ku Joni ngati kale, ena omwe aja ndi mfundo zomwe zija. Koma Lachitatu usiku cha m'ma 9 foni inalira, amayi aang'ono a ku Jali, munthu woti sindinkadziwa nkomwe kuti nkhani zanga zimawafika, kani mwana wawo amawawerengera pa foni yake akamaliza kudya. Sanapereke ndi moni yemwe.

"Iwe, agogo a mphasawo si amayi amenewo?"

Ndinati ndi iwowo amayi.

Anakhala chete kanthawi, ndikungomva nkhuku ndi wailesi chapatali, kenako anati "waiwala, ankati ikamaliza kulira ndi kusesa ibwera, kusesa ukuikemo." Nde anandiuza kuti ndiwawerengere ndime yonseyo ndekha ndi pakamwa panga, pang'onopang'ono, poti mwana uja amathamanga. Ndinawerenga kamodzi, anati bwereza. Ndili pakati pobwereza mayunitsi awo anatha, ndinaimbanso ine nkuyambira pomwe pa mphasa paja.