"Crash and burn" si ya aliyense

Mphwanga analemba dzulo pa gulu lathu la WhatsApp kuti geni yake ya nkhuku "yapanga crash and burn". Ndinamufunsa kuti zinalipo zingati. Akuti 15. Chitopa chinalowa, imodzi lero, ziwiri mawa, mpaka khola linatsala pululu. Ndinamupepesa ndithu, koma ndinamuuzanso kuti Chizungu chimenecho chamukulira ngati jekete la malume.

Mawuwa anachokera ku ndege. Ndege ikamenya pansi mafuta ali m'matanki, moto umabuka pomwepo, ndipo sipatsala choti munthu angatole n'kukakonza. Choncho Mngelezi akanena kuti wakutiwakuti "crashed and burned", ndiye kuti munthuyo anali m'mwamba, ali pa liwiro, maso a anthu ali pa iye, kenako phii! Kugwa kwake kwa kanthawi kochepa, anthu onse akuona. Amene sananyamuke n'komwe sangagwe chonchi. Iyeyo wangolephera basi, ndipo kulephera wamba si mlandu.

Okonda mpira mukukumbukira pa 8 July 2014 ku Belo Horizonte. Brazil, eni bwalo, akatswiri a World Cup kasanu, anakumana ndi Germany mu semifainolo. Pofika mphindi ya 29 zigoli zinali 5-0, ndipo zinayi mwa izo zinalowa pakati pa mphindi ya 23 ndi ya 29. Amene anapita kuseri kukataya madzi anabwerako n'kumaganiza kuti TV ikubwereza chigoli chomwe chija. Oscar anapeza chopukutira misozi kumapeto, masewero n'kutha 7-1, ana ndi agogo omwe akulira pa kamera dziko lonse likuonera. Brazil ikanagonja 1-0 tikanati yaluza. Koma zija ndiye crash and burn yeniyeni.

Winanso ndi Liz Truss wa ku Britain. Analowa pa mpando wa nduna yaikulu pa 6 September 2022. Pa 23 September nduna yake ya zachuma, Kwasi Kwarteng, inalengeza zodula misonkho popanda kufotokoza komwe ndalama zotseka dzenjelo zichokere. Paundi inagwa, ndipo pa 20 October mayiyo analengeza zotula pansi udindo. Pofika tsiku lochoka, anali atakhala masiku 49 okha pa mpando. Nyuzipepala ya Daily Star inaika mutu wa letesi pa kamera kuti anthu aone chiyambe kufota n'chiti pakati pa letesiyo ndi mayiyo, ndipo letesiyo anapambana.

Kwa inu okonda kuwaza Chizungu: mukamanena zakale, mawu onse awiri amasintha. Ndi "crashed and burned", osati "crash and burned" monga ndimaonera pa Facebook. Eni chinenerocho amawagwiritsanso ntchito moseka, monga mnyamata akapita mwamatama kukafunsira mtsikana anzake akuonerera, n'kukanidwa pomwepo.

Kwathu kuno mawu sitikusowa. Tili ndi kugwa chagada, miyendo m'mwamba. Tili ndi kuyaluka, komwe kumanyamula manyazi onse a pagulu. Achinyamata amati munthu watha ngati makatani, ngakhale kumeneko ndi kutha kwa pang'onopang'ono, dzuwa likudya nsalu tsiku ndi tsiku. Nkhuku za mphwanga zili kumeneko, ku makatani.

Ineyo mawu a Chingeleziwa ndinawasiya pakamwa panga. Kuyambira pa 10 June 2024, pomwe ndege inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kutenga Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, ndikamva "crash" sindionanso mpira kapena geni. Ndimaona nkhungu ndi mitengo ya paini, ndi usiku uja tinagona mafoni ali m'manja tikudikira uthenga. Mphwanga ndamutumizira ya anapiye ena, ndipo ulendo uno ayambe wagula katemera.