Chenjezo: tisasinthanitse nyanja ndi Fanta ndi banzi

Abale anga a ku Mtakataka, ku Golomoti ndi m'midzi yonse yotsikira kunyanja, ndakhala chete nthawi yaitali, koma chibwana chimene ndikuona pa nkhani ya mafuta a pansi pa nyanja yathu ya Malawi chandikwana. Ana inu mukutumizirana pa WhatsApp timafilimu ta makampani a mafuta toonetsa antchito awo akubzala mitengo, kenako mukulemba m'munsi mwake kuti chitukuko chafika. Kodi munamvapo wogulitsa kachewere pa Lizulu akuulula kuti pansi pa chidebe pali wowola? Chiyambire 2011, pamene boma linapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta pa nyanjayi, nkhaniyi imazilala n'kubukanso, ndipo ikabuka mawu amakhala omwewo, akuti nsomba sizidzafa ndipo madzi sadzaipa.

Mawu amenewo ena anawamva ife tisanawamve. Kampani ya mafuta ya BP inadzitama kwa zaka zambiri kuti imasamala chilengedwe, koma pa 20 April 2010 chitsime chake chinaphulika pa nyanja yamchere ya Gulf of Mexico, anthu 11 anafera pomwepo, ndipo mafuta anatayika masiku 87 osalekeza. Poyamba dziko linauzidwa kuti ikutayika migolo 1,000 patsiku, pamene zoona zake inali yoposa 50,000. Chimene chimandipweteka mutu n'chakuti m'chikalata chimene kampaniyo inalembamo mmene idzathanire ndi ngozi munali ngakhale za kuteteza nyama yotchedwa walrus, imene imakhala kumadzi oundana ndipo ku nyanja imeneyo kulibe. Anangokopera za kwina, oyang'anira a boma nawonso n'kuvomereza. Kumeneko ndi ku America, kumene kuli sitima ndi akatswiri. Nanga kuno tidzathamangirako ndi mabwato?

Ku Ogoniland, m'dziko la Nigeria, kumene kampani ya Shell inkapopa mafuta, lipoti la 2011 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza kuti madzi akumwa a mudzi wina anali ndi benzene, mankhwala oyambitsa khansa, wochuluka kopitirira ka 900 kuposa mlingo wovomerezeka ndi WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndipo linati kuyeretsa deralo kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Tsono yathuyi si nyanja yamchere yokhala ndi kotayira zoipa. Potulukira pake ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amachoka mwa nthunzi, kusiya zinyalala mmbuyo, moti chimene chalowamo chimakhalamo mibadwomibadwo. Mafuta akayandama, usipa umene amayi athu amayanika pathandala udzanunkha dizilo, ndipo wa ku Lilongwe sadzaugula.

Ndikhululukireni, mafumu anga ndi inu anyakwawa, koma nanunso ndili nanu mawu. Ndakhalapo pa misonkhano ya zitukuko zina pamene alendo ofika pa galimoto zikuluzikulu analankhula Chingerezi ola lathunthu, womasulira n'kufupikitsa zonse m'mawu asanu, pepala n'kuyamba kuzungulira. Anthu anadinda chala akuyang'ana kreti ya Fanta ndi envulopu ya alawansi, osafunsa ngati pepalalo linali kaundula wa obwera kapena chivomerezo cha mudzi. Ineyo, ndi imvi zangazi, ndinasainako kamodzi osawerenga, ndipo manyazi ake sanandichoke.

Sindikukana ntchito, pakuti nanenso ndimaima pamzere wa petulo. Koma a mafuta akadzafika pabwalo, tidzawauze kuti lipoti la mmene ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe liwerengedwe m'Chichewa pamaso pa asodzi, atiuze amene analipira wolemba lipotilo, atchule kumene anagwirako kale ntchito kuti tikafunse eni dera, ndiponso aonetse ndalama zimene asungitsa zolipirira msodzi amene chilimira chake chidzavuuke chakuda. Akapanda kuyankha, gogo chalo, chala chanu chikhale m'thumba.