Musamati mukumuthandiza, mukumubera

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo masana ndinapita kumsika wa Kapata kuno ku Chipata kukagula chaja ya foni. Ndili chiimire ndinamva sipika ikulira pa kashopu kena ka anyamata oika nyimbo m'mamemole kadi. Mawuwo ndinawazindikira pomwepo, ndi a mwana wa mlongo wanga. Nyimbo imeneyo mwini wake sanaitulutse, amadikira kuti ajambule kaye vidiyo. Nditafunsa mnyamata wa pashopupo kuti waitenga kuti, anandiyankha osachita ngakhale manyazi: "Abwana, ili pa WhatsApp, aliyense ali nayo. Mundipatse K10 ndikuikireni pamodzi ndi zina."

K10! Ndipo K10 imeneyo ilowa m'thumba la munthu amene sanapeke ngakhale mzere umodzi.

Mwanayu anasenza matumba a soya ndi mtedza nyengo yonse yokolola kuti apeze ndalama ya situdiyo. Itaperewera, amayi ake anagulitsa mbuzi kumudzi ku Katete. Mbuzi yathunthu inapita chifukwa cha nyimbo ya mphindi zinayi. Wina anangoitumiza kwa mnzake kuti amveko, basi, lero ili m'mabasi, m'mabala, m'malo ometera tsitsi. Usiku nditamuimbira foni anangoti, "Amalume, nanga ndichita bwanji, yapita." Mawu ake anali ngati a munthu amene munda wake wakololedwa usiku iye ali mtulo.

Ndiye pali ena a inu, ndikukudziwani, mubwera pansipa kudzandiuza kuti tikumuthandiza kutchuka. Kutchuka kumagula ufa? Landilodi ku komboni ya Mchini amalandira kutchuka pakutha pa mwezi? Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Zala za m'mwamba (ma like) zomwe mukumuponyerazo ndi mphepo chabe. Mwatenga chinthu cha munthu osapempha, mwachigawa, ena mwachigulitsa. Kwathu kumeneko timati kuba. Kukhala kuti mwabera pafoni sikusintha dzina lake.

Intaneti sindikudana nayo ayi. Kale woimba wa kuno kuti amveke ankayenera kukwera basi, makilomita oposa 500 pa Great East Road mpaka ku Lusaka, kapena kudikira kuti wina pa Breeze FM kapena Radio Maria amukonde. Lero mwana ali ku Chipata aika nyimbo m'mawa, madzulo akuimva ku Lundazi, ku Mchinji, ku Lilongwe, mpaka abale athu a ku Johannesburg. Zimenezo n'zabwino ndipo ndimazinyadira. Koma aike yekha! Aike pomwe iye wasankha, tsiku lomwe iye wasankha.

Mwina simudziwa mmene zimayendera. Pa YouTube, kuti munthu ayambe kulandira ndalama ya malonda pamafunika omutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'chaka chimodzi. Ndi phiri limenelo kwa mwana wa kuno, poti bandulo ndi yodula ndipo aliyense amaisunga ngati mchere. Tsono inu mukaikopera n'kumatumizirana pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, palibe chimene chimawerengedwa. Anthu chikwi angathe kuvina nyimbo yake paukwati uliwonse kuyambira Petauke mpaka Chadiza, koma kumene kuli ndalama kukuoneka ngati palibe amene anaimvapo. Mwadya thukuta lake, mwamutsekeranso khomo lomwe akanadyerapo mawa.

Lamulo lilipo, la Copyright and Performance Rights la 1994, ndipo a ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo m'Zambia muno, alipo kuti oimba azilandira zawo. Mu 2013 boma linabweretsa chizindikiro chonyezimira chotchedwa hologram chomata pa ma CD ndi ma DVD kuti tizisiyanitsa zenizeni ndi zokopera. Nanga pa memole kadi mumata pati? Pa WhatsApp mumata pati? Chatsala ndi mtima wa munthu basi, ndipo mitimayo ndi yomwe ikundinyansa. Munthu yemweyo amagula mowa wa thebulo lonse Loweruka, koma kutumiza K20 pa Airtel Money kapena MTN kwa woimba amene wamusangalatsa usiku wonse, dzanja limauma gwa. Tomato pamsika simutola ulele. Woyendetsa njinga akakufikitsani pakhomo mumalipira. Woimba yekha ndiye adye mphepo?

Ndipo chala chomwecho chotumiza zinthu za eni ndi chomwe chikutiphera ulemu pamaliro. Ngozi ikachitika pamsewu, anthu m'malo monyamula ovulala akutulutsa mafoni. Chaka chatha mayi wina wa kutchalitchi kwathu anadziwa za imfa ya mwana wake pa Facebook, chithunzi cha thupi chili poyera, nsapato imodzi ili potero, asanafike ngakhale mmodzi wa akuluakulu kudzamukhazika pansi. Anakomoka ali pa mpopi ndi chidebe m'manja. Amene anajambulayo mpaka lero sanachichotse.