Malume alamulira Babulo

Alipo anthu amene amati "tandiphunzitsa" koma makutu atawasiya kunyumba. Awa ndi malume ena pa laputopu ya mphwawo, gemu yake Age of Empires, yakale ija ya 1997.

MALUME: Iwe Yami, tabwera. Chinthu chakochi ndichidziwe lero. Ine sindivuta kuphunzitsa.

YAMI: Chabwino malume. Yambani mwasankha mtundu, ilipo 12. Poti ndinu woyamba kumene, tengani Shang, anthu ake antchito ndi otchipa. Kapena Asuri, anthu ake amayenda mwachangu.

MALUME: Shang ndi wa kuti?

YAMI: China wakalekale.

MALUME: Sindikumudziwa. Babulo palibe?

YAMI: Alipo. Mipanda ndi nsanja zake ndi zolimba kawiri kuposa za anzake.

MALUME: Basi, ameneyo. Nebukadinezara sanali mwana.

YAMI: Uja anakadya udzu kutchire?

MALUME: Zinali zakumapeto zimenezo. Dina.

YAMI: Mwayamba ndi anthu 3, chakudya 200, mitengo 200, miyala 150. Chinyumba chapakaticho ndi Town Center. Dinani pamenepo mupange munthu. Mmodzi ndi chakudya 50, amatuluka pakatha masekondi 20. Chonse 200 chipite ku anthu 4. Atatu alipowa amange nyumba msanga, mitengo 30, imagona anthu 4. Town Center payokha imakwana 4 basi, mukachedwa nyumba wachisanu satuluka.

MALUME: Taima. Ndiwononge chakudya chonse, kenako ndiwonjezere anthu odya. Iwe kusukulu unkapita kukatani?

YAMI: Sadya malume.

MALUME: Ndani sadya?

YAMI: Anthuwo. Mumalipira 50 kamodzi kokha. Amagwira ntchito mpaka kufa, sadya, sadwala, sapempha malipiro.

MALUME: Munthu wosadya kulibe. Akudya mobisa amenewo.

YAMI: Onani nambala ili pamwambayo. Ikutsika?

MALUME: Wakuba wanzeru sayamba tsiku loyamba. Ndipanga mmodzi, tiyambe tamuona khalidwe.

YAMI: Mmodziyo sakwanira. Gemu yonseyi yagona pa anthu antchito. Odziwa kusewera salola Town Center ikhale chete, amafika anthu oposa 20 asanaganize za nkhondo.

MALUME: Odziwa kusewerawo ali ndi mabanja?

YAMI: Chabwino. Mukuona zitsamba za zipatsozo? Chilichonse chili ndi chakudya 150. Mangani Granary pompo, mitengo 120, ikhudzane ndi zitsambazo.

MALUME: Granary ndiye nkhokwe? Nkhokwe samanga kutchire. Ikhala kuseri kwa nyumba, ndiziiona.

YAMI: Munthu amathyola pang'ono, n'kukatula, n'kubwerera. Ikakhala kutali, nthawi yonse ithera panjira.

MALUME: Ayende. Si uja wati sadwala?

(Nkhokwe yamangidwa kuseri kwa Town Center, malo amene anthuwo akanatha kutula zipatso kwaulere. Mitengo 120 yapita.)

MALUME: Iyo njovu! Ndiwo zimenezo.

YAMI: Njovu ndi chakudya 300, koma imabwezera. Pamafunika anthu 5 kapena 6 aiponye mikondo nthawi imodzi. Yambani ndi agwape, ndi 150 mmodzi ndipo saluma, amangothawa. Muwazungulire kuti athawire chakunyumba. Ndipo nyama sapita nayo ku Granary, imalowa ku Storage Pit, nyumba yosungira nyama, mitengo ndi miyala, kapena ku Town Center. Mukaipha kutali imawola, nambala yake imatsika yokha.

MALUME: Anthu 6 ndiwatenga kuti?

YAMI: Ndi zomwe ndakhala ndikunena.

MALUME: Apite mmodzi. Ndi mwamuna ameneyo.

YAMI: Malume, musa...

MALUME: Iii. Yamuponda.

YAMI: Mwataya 50.

MALUME: Ukuona tsopano? Ndikanamvera iwe n'kupanga 4, bwenzi nditataya 200.

(Padutsa mphindi 30. Anthu afika 7, ndipo aliyense anachita kukambirana ngati mtengo wa mbuzi. Chakudya chafika 520.)

YAMI: Zatheka malume. Muli ndi Granary ndi Storage Pit, nyumba ziwiri zomwe zimafunika. Dinani Tool Age mulowe nyengo yotsatira ya chitukuko, ndi chakudya 500.

MALUME: Nditsale ndi 20?

YAMI: Mdani ali kale mu Bronze Age, nyengo yoposa Tool Age. Inu mukadali mu Stone Age, asilikali anu atakhalapo ndi a zibonga.

MALUME: Chibonga chalakwa chiyani?

YAMI: Mu Tool Age muli nkhwangwa, mauta, akavalo, msika, minda, mipanda...

MALUME: Wati chiyani kumapetoko?

YAMI: Minda.

MALUME: Kumapeto kwenikweni.

YAMI: Mipanda.

MALUME: Bwanji osayamba ndi zimenezo? Dina msanga.

YAMI: Mpanda mumayamba mwaufufuza ku Granary, chakudya 50. Kenako chidutswa chilichonse ndi miyala 5. Ndi 150 yanuyo mupeza zidutswa 30. Musazungulire mudzi wonse. Tsekani mipata yokha, pakati pa nkhalango ndi madzi, kapena pakati pa matanthwe. Mitengo yothithikana ndi mpanda kale.

MALUME: Mpanda wa mipata ndi mpanda? Anthu onse 7 akakumbe miyala.

YAMI: Nanga chakudya? Nanga mitengo?

MALUME: Wati sadya.

YAMI: Chabwino, koma musiye polowera. Mu gemu iyi mulibe geti.

MALUME: Polowera ndi pa akuba.

YAMI: Ndi potulukiranso panu.

MALUME: Ine ndikupita kuti?

(Mtundu uwu mumaudziwa. Mpanda wathadi, wokongola, mizere iwiri. Nkhalango yatsala kunja. Golide watsala kunja. Mkati muli anthu 7, zitsamba zomaliza ndi nsanja imodzi ya miyala 150 yoyang'ana kunyanja, kumene sikuchokera munthu.)

MALUME: Yami, anthuwa angoima. Ulesi wayamba.

YAMI: Zipatso zatha. Mufunika minda. Munda ndi mitengo 75, umatulutsa chakudya 250, ukatha mumamanganso ndi 75 ina. Koma munda subwera popanda Market, ndipo Market ndi mitengo 150. Muli ndi mitengo ingati?

MALUME: 40.

YAMI: Nkhalango ili kuti?

MALUME: Kunja.

YAMI: Dinani chidutswa chimodzi cha mpanda, kenako batani la Delete. Anthu atulukire pamenepo.

MALUME: Ndigwetse mpanda wanga ndi dzanja langa?

YAMI: Kamodzi kokha. Miyala 5.

MALUME: Ukuiona yochepa chifukwa sunakumbe ndiwe.

YAMI: Inunso simunakumbe malume.

MALUME: Ndinayang'anira. Alumphe.

YAMI: Salumpha.

MALUME: Sadya, sadwala, salumpha. Anthu ako ndi otani kodi?

YAMI: Akubwera malume. Onani pa kamapu kakang'onoko, timadontho tofiirato.

MALUME: Abwere. Akagunda mpanda abwerera okha.

YAMI: Kumbuyo kwawoko kuli Stone Thrower, ziwiri.

MALUME: Zilegeni za matayalazo?

YAMI: Zomwezo. Zimaponya patali kuposa nsanja yanu, ndiye ziphwanya mpanda nsanja ikungoyang'ana. Koma ndi zoyenda pang'onopang'ono, ndipo munthu akafika pafupi kwambiri sizitha kumulasa. Mankhwala ake ndi akavalo. Barracks, nyumba ya asilikali, mitengo 125, kenako Stable, khola la akavalo, mitengo 150, kenako Scout, msilikali wa pa kavalo, aliyense chakudya 100. Atatu okha akanazimaliza.

MALUME: Mahatchi atatu 300? Ine ndikukwatitsa mwana?

YAMI: Muli ndi chakudya 940 chongokhala. Chakudya cha m'nkhokwe sichimenya nkhondo.

MALUME: Koma chimapatsa ulemu.

YAMI: Kwa ndani? Ndi kompyuta imeneyo.

MALUME: Nayonso ikuona. Iwe, tamvera. Ndani akuimba?

YAMI: Wololo ameneyo. Wansembe wa mdani, uyo wa ndodoyo. Amagulidwa ku Temple ndi golide 125. Akaloza munthu wanu n'kuimba, munthuyo amasanduka wawo. Mpanda sumuletsa, amaimbira kunja komweko.

MALUME: Aaa! Wasintha malaya! Anali wabuluu pompano, wavala zofiira! Munthu ndinamupanga ndekha ndi 50 wanga!

YAMI: Watembenuka.

MALUME: Section 65 mulibe mu gemu imeneyi?

YAMI: Mulibe. Koma wansembe akatembenuza mmodzi amayamba wapuma kuti mphamvu zibwerere. Nthawi yomupha ndi imeneyo, alibe chida. Magaleta ndiwo amamutha bwino, savuta kumuthamangitsa ndipo satembenuka wamba. Koma galeta limafuna Wheel, ya ku Market, mu Bronze Age, ndipo Bronze Age ndi chakudya 800 ndi nyumba ziwiri za Tool Age. Inu mulibe ngakhale imodzi.

MALUME: Ndiphe wansembe? Ine?

YAMI: Wayambanso kuimba.

MALUME: Ndinakuuza kuti anthuwa tiziyamba tawaona khalidwe. Uyu ndinkamukayikira kale, amayenda mozemba.

YAMI: Onse amayenda chimodzimodzi malume.

MALUME: Ndiye onse ndi amodzi.

YAMI: Mpanda wabooka. Yatsala njira imodzi, koma ndi yachinyengo. Mudina Enter, mulemba pepperoni pizza, mudinanso Enter. Chakudya 1,000 pompo. Mukalemba woodstock ndi mitengo 1,000, coinage ndi golide, quarry ndi miyala.

MALUME: Kuba kumeneko. Ine ndine mkulu wa mpingo, ukudziwa.

YAMI: Ndiye tisiye.

MALUME: Tisiyedi.

YAMI: Eya.

MALUME: Ma p ndi angati?

YAMI: Atatu mu liwu loyamba, limodzi mu lachiwiri.

MALUME: Ndikungofuna ndione ngati ndi zoona, kuti ndizichenjeza achinyamata. Eee! 1,940! Tabweretsa kiyibodi kuno.

YAMI: Kamodzi kakwana malume. Lembani woodstock tsopano, timange Barracks.

MALUME: 2,940. 3,940. Iwe, anthu akuvutikiranji ndi zipatso?

YAMI: Akuwotcha nyumba. Pangani anthu, mangani Barracks, chilichonse!

MALUME: 5,940. Ayi, ichi sitikhudza. Ndi cha nthawi ya mavuto.

YAMI: Town Center ikuyaka moto. Mavuto ena ati?

MALUME: Iwe ndiwe mwana, mavuto sunawaone.

YAMI: Watsala munthu mmodzi. Muthawitseni, akamange kwina. Bola akhale moyo, gemu sinathe.

MALUME: Athawe asiye nkhokwe? Aime pomwepo.

YAMI: Amupha. Nkhokwe nayo yagwa. Mwagonja malume.

MALUME: Ndani wanena?

YAMI: Zalembedwa pa sikirini.

MALUME: Tayang'ana bwino. Mpanda uli chilili, angoboola pamodzi. Atha kuugwetsa wonse?

YAMI: Safunika kuugwetsa. Mipanda siwerengedwa. Akatha anthu ndi nyumba, basi.

MALUME: Ndiye alephera, akungobisala ku malamulo. Nanga chakudya? Iye watsala ndi zingati?

YAMI: Mwina 100, mwina 200. Amagwiritsa ntchito chikangolowa.

MALUME: Ine 5,940. Tandiuza wosauka ndani apa.

ANTI: Bambo a Chisomo, dzuwa lapita. Ndalama ya ndiwo ija?

MALUME: Palibe mayi. Zinthu zavuta mwezi uno.

ANTI: Ndamva ndili kukhitchini mukuwerenga masauzande.

MALUME: Za ku Babulo zimenezo.

ANTI: Ndiye mukadye ku Babulo komweko. Iwe Yami, amalume akowa apambana?

YAMI: Akuti mpanda ukadalipo.

ANTI: Ngati wa kuseri kuno, umene anatsekera mbuzi kunja?

MALUME: Mayi, za nkhondo zisiyireni amuna. Yami, yambitsanso. Ulendo uno ndamva zonse, sindikutsutsa kanthu.

YAMI: Zoona? Ndiye dinani Town Center, munthu woyamba.

MALUME: Taima kaye. Batani logwetsera lija, Delete, limagwiranso pa munthu?

YAMI: Limagwira, koma chifukwa chiyani?

MALUME: Atatuwa achuluka. Wapakatiyu nkhope yake ndi ya uja anavala zofiira.