Chenjezo kwa amene mukuthamangira uvolontiya wa kunja

Ana athu a muno mu Zimbabwe, a ku Mbare, Mufakose, Highfield, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi Epworth, pamodzi ndi inu makolo amene mukuwasonkhera ndalama, tatcherani khutu. M'magulu a WhatsApp a kutchalitchi, a kumzikiti ndi a mabungwe a maliro mwadzaza timauthenga ta mwayi wokagwira uvolontiya kunja, ndipo mukungotumizirana osawerenga n'komwe mpaka kumapeto. Kena kakuti milungu itatu ku Poland, kena Dubai, kena Canada. Ndege ulere, pogona ulere, malipiro onona, inu mungopereka ya kalembera Lachisanu lisanafike poti malo atsala awiri okha. Ndiye mukuthamangira kutumiza pa EcoCash kapena InnBucks ku nambala ya munthu amene nkhope yake simunaionepo. Ena mwakatenga katapila, ena mwatapa za chipereganyu. Kumeneko n'kusasamala, ndipo sitikubisirani mawu.

Volontiya salandira malipiro. Zikamuyendera bwino amapatsidwa chakudya, pogona ndi kandalama ka sopo ndi basi. Uthenga ukaphatikiza uvolontiya, malipiro akuluakulu ndi ndalama yoti mupereke kwa ejenti, dziwani kuti wolembayo akufuna ndalama zanu, apo ayi akufuna inuyo eniake. Chachiwirichi ndiye choopsa.

Kodi mwaiwala kale za 2016, pamene zinaululika kuti amayi a muno mu Zimbabwe oposa 200 anatengeredwa ku Kuwait powanamiza ntchito zabwino, n'kukathera m'nyumba za anthu ngati akapolo? Zomwezo zinabwereranso ndi Oman, ndipo kumeneko anazunzika ndi ana a ku Zimbabwe ndi a ku Malawi omwe. Chimene chimamanga munthu m'maiko amenewo ndi dongosolo la kafala: viza yako imalembedwa m'dzina la bwana, ukachoka panyumba pake popanda chilolezo amakakunenera kupolisi kuti wathawa, wolakwa n'kukhala iweyo. Mu 2024 atolankhani a Associated Press anaulula za atsikana a mu Africa a zaka 18 mpaka 22 amene anakopedwa pa intaneti ndi malonjezo a maphunziro ndi ntchito, koma anakapezeka ku Alabuga m'chigawo cha Tatarstan ku Russia akulumikiza ndege zankhondo zopanda woyendetsa. Anyamata musadziyese otetezeka. Ambiri aitanidwa ku Thailand kuti akagwire ntchito ya pakompyuta, atatsika ku Bangkok n'kukwezedwa galimoto mpaka ku Mae Sot, n'kuwolotsedwa mtsinje kulowa ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, kumene amatsekeredwa m'mipanda n'kumakakamizidwa kubera anthu pa intaneti. Njira zonsezi zimayamba ndi uthenga wokoma pafoni ndi tikiti yogulidwa ndi munthu wina. Tikitiyo ndiyo imasanduka ngongole yomwe simungaimalize.

Mwayi weniweni ulipo, koma suyenda mwa changu chimene mukufunacho.

Bungwe la United Nations Volunteers linakhazikitsidwa mu 1970 ndipo likulu lake lili ku Bonn. Mumalembetsa nokha pa tsamba lawo la unv.org, mumaikapo maphunziro anu ndi ntchito zimene munagwirapo, kenako mumafunsira malo amene alengezedwa. Akakusankhani amalipira ulendo, inshuwalansi ndi ndalama yokhalira. Safuna ngakhale senti imodzi pa gawo lililonse. Munthu akakutumizirani kalata yokhala ndi chizindikiro cha UN kuchokera ku adiresi ya Gmail, n'kumati mulipire maphunziro kapena satifiketi, ndi wakuba. Bungwe la African Union lili ndi Youth Volunteer Corps yomwe inayamba mu 2010, ya achinyamata a zaka 18 mpaka 35 amene anamaliza maphunziro a kukoleji, ndipo amatumizidwa kwa miyezi 12. Dziko la Germany lili ndi ndondomeko ya uvolontiya yotchedwa weltwärts, yomwe kuyambira 2013 imalandiranso achinyamata ochokera kumaiko athu kuno, kawirikawiri kwa chaka, kudzera m'mabungwe a m'dziko la wofunsirayo amene ali pa ubale ndi mabungwe a ku Germany. Taonani bwino: zonse zimene zimakulipirirani ulendo n'za miyezi yambiri, zili ndi mpikisano woopsa, ndipo zimafuna luso looneka ndi maso. Palibe bungwe lanzeru limene lingawononge ndalama ya ndege pa munthu wopanda luso kuti akakhale masiku 14.

Za nthawi yaifupi zenizeni ndi misasa ya ntchito, ya milungu iwiri kapena itatu. Mwambo umenewu unayamba mu 1920 pamene Pierre Cérésole anasonkhanitsa anthu a maiko odana kuti akamangenso mudzi wogumuka ndi nkhondo pafupi ndi Verdun ku France, ndipo bungwe la Service Civil International (SCI) linabadwira pamenepo. Mabungwe ambiri a mtunduwu ali pansi pa CCIVS, komiti yogwirizanitsa mabungwe a uvolontiya pa dziko lonse, yomwe inakhazikitsidwa mu 1948 mothandizidwa ndi UNESCO. Pamsasa pamakhala anthu khumi kapena makumi awiri ochokera m'maiko osiyanasiyana. Mumagona m'kalasi kapena muholo, mumaphika mosinthana, mumakumba, kupenta, kubzala mitengo kapena kukonza malo a mbiri yakale. Ulendo, viza ndi inshuwalansi mumalipira nokha, kuphatikizapo ndalama yolembetsera, ndipo misasa ya mu Africa nthawi zambiri imaonjezera ya chakudya. Simufunsira mwachindunji kubungwe la kunjalo. Mumadzera kubungwe la kwanu limene lili m'gulu lomwelo, monga Zimbabwe Workcamps Association, ndipo ilo ndi limene limakutumizani. Choncho musanapereke kanthu, tsegulani mndandanda wa mamembala pa tsamba la CCIVS kapena la SCI muone ngati dzinalo lilipo.

Apa ndi pamene ulesi wanu umationekera. Kufufuza bungwe kumatenga madzulo amodzi ndi data ya dola imodzi, koma simuchita. Bungwe la muno funsani nambala yake ya kalembera pansi pa lamulo la Private Voluntary Organisations, ndipo pitani ku ofesi yake ndi miyendo yanu masana. La ku England kapena Wales lifufuzeni m'kaundula wa Charity Commission, amene ali poyera pa intaneti ndipo amaonetsa ndalama zimene bungwelo limalandira ndi mmene limazigwiritsira ntchito. La ku Malawi liyenera kudziwika ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si a boma. Mukalipeza m'kaundula musakhutire, chifukwa akuba amabwereka maina a mabungwe enieni. Tengani nambala ya foni kapena imelo yolembedwa m'kaundulamo, osati imene yabwera mu uthenga, mufunse ngati munthu amene mukulankhula nayeyo amamudziwa. Pemphani kulankhula ndi anthu awiri amene anapitako n'kubwerako, makamaka a kuno kwathu. Pemphani zolembedwa: dzina la mudzi kapena tauni, ntchito yake, maola patsiku, wokuyang'anirani, kumene mukagone, amene adzalipire mukadwala, ndi mmene ndalama yanu igawidwire. Ndalama ilowe mu akaunti ya kubanki ya bungwe, risiti ituluke. Wokana kuyankha mafunso amenewa, kapena wokwiya nawo, wakuyankhani kale. Safunsa anadya phula.

Nkhani ya viza ndiyo yagwetsa ambiri. Ejenti akamati "mukangonena kuti mukukaona abale", akukuphunzitsani bodza limene lidzakutsatirani zaka zambiri, chifukwa ofesi za akazembe zimasunga zidindo za zala zanu ndi mayankho anu onse. Ku UK, mlendo wa viza wamba amaloledwa uvolontiya wosapitirira masiku 30, pabungwe lachifundo lolembetsedwa. Kupitirira apo pamafunika viza ya Charity Worker, ya miyezi yosaposa 12, yopanda malipiro, yofuna COS, chikalata chokuvomerezani (Certificate of Sponsorship), yochokera kubungwe limene lili pa mndandanda wa boma la UK. Mumafunikanso kuonetsa mapaundi 1,270 amene akhala mu akaunti masiku 28 otsatizana, pokhapokha bungwelo litalemba kuti likusamalirani. COS sigulitsidwa, ndipo mu Harare muno simukusowa wokuuzani mmene anthu analirira ndi ma COS abodza a ntchito yosamalira okalamba. Kumaiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, viza yaifupi ndi ya masiku 90 pa masiku 180 aliwonse. Imafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, pasipoti yokhala ndi masamba awiri opanda chidindo ndiponso yotsala ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka. Ndalama ya viza sabweza akakukanani, ndiye musagule tikiti yosabwezeka yankho lisanatuluke. Ndalama zobwereka zoponyedwa mu akaunti dzulo lake amaziona pa sitetimenti, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene amakanira anthu.

Inu amene mukupita ndi mtima woti mukafika mukazimiririka, tikukuonani. Ku South Africa kungopyola masiku anu amakuletsani kulowanso kwa chaka, ndipo mukapyola ndi masiku oposa 30 chiletso chimafika zaka zisanu. Koma choipa chachikulu n'chakuti bungwe limene linakuitanani limasiya kuitana ana a ku Zimbabwe, ang'ono anu n'kutsekeredwa khomo chifukwa cha inu.

Pali vuto lina la ife tokha ana a anthu amene anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'makhonsolo. Ambiri mukusungabe chitupa cholembedwa kuti ndinu mlendo, ndipo mukukumbukira zimenezi ulendo utatsala milungu iwiri. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amazindikira ngati nzika munthu wobadwira muno lisanafike tsiku limene malamulowo anasindikizidwa, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ngati munthuyo ankakhala muno pa tsikulo. Koma chitupa sichisintha chokha. Pitani ku ofesi ya kalembera wa anthu ku Makombe ndi satifiketi yanu yobadwira ndi mapepala a makolo, mukonze chitupa kenako pasipoti, miyezi ingapo musanafunsire malo aliwonse. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi dziwani kuti masiku anu olowera m'maiko ena amasiyana ndi a pasipoti ya Zimbabwe. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu imafuna zidindo za zala ndipo situluka tsiku lomwelo. Bungwe logwira ntchito ndi ana likapanda kukufunsani kalata imeneyi, likayikireni. Kopita monga Uganda kapena Ghana kumafuna khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, ndipo limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 mutabayitsa. Wogula khadi labodza mumsewu akudzinamiza yekha, udzudzu suwerenga khadi.

Tsono ngakhale bungwe likhale loona, dzifunseni ngati ntchitoyo ili yaphindu kwa eni dera. Nyumba za ana amasiye zolandira alendo a milungu iwiri zipeweni. Ana ambiri a m'nyumba zotere, pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ali ndi kholo limodzi kapena onse amoyo, ndipo m'maiko ena ana amachotsedwa dala kwa makolo kuti akope ndalama za alendo. Australia mu 2018 inayamba kuwerengera mchitidwewu m'gulu la ukapolo wamakono. Mwana amene amazolowera mlendo watsopano mwezi uliwonse n'kusiyidwanso amavulala mumtima, ndipo inu amene munakulira m'manja mwa azakhali ndi agogo mukudziwa kumene mwana amayenera kukulira. Ngati simunaphunzire zachipatala musakagwire jakisoni kapena kubereketsa mayi chifukwa choti kumeneko palibe wokuletsani. Zoyamwitsa ana a mikango m'mafamu a ku South Africa si kuteteza nyama, chifukwa mkango wozolowera manja a anthu sungabwezedwe kutchire. Ntchito yabwino ndi imene eni mudzi anaipempha okha, ili ndi wa komweko woitsogolera, ndipo idzapitirira inu mutachoka.

N'chifukwa chiyani maso anu ali ku Ulaya kokha? Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi kunjanso, ndipo pasipoti ya Zimbabwe imalowa popanda viza ya mlendo, ngakhale muyenera kufunsa bungwe lokulandirani ngati ntchitoyo ikufuna chilolezo chapadera. Basi yodzera pa Nyamapanda, Tete ndi Zobue imakufikitsani ku Mwanza ndi Blantyre pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi ndege. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, kumene namondwe Freddy anasakaza mu Malichi 2023, chinenero mukuchidziwa kale, ndipo phindu lanu kumeneko lingapose la mlendo wofuna womasulira. Mabungwe akuluakulu aja akamasankha amayang'ana zimene munachitapo kale, choncho miyezi ingapo ndi Red Cross ya muno kapena msasa umodzi ku Malawi zimalemera pa fomu kuposa kalata yodzitamandira.

Inu makolo, mwana asanakwere basi pa Roadport kapena ndege pa Robert Gabriel Mugabe, pakhomo patsale fotokope ya pasipoti ndi viza, kalata yomuitana, adiresi ya kumene akagone, dzina ndi nambala ya womulandira, ndi nambala ya ofesi ya kazembe wa dziko lake imene ili pafupi ndi kumeneko. Akhale ndi tikiti yobwerera m'dzina lake ndi ndalama yapadera yosokerera m'chovala. Pangananani tsiku loimbirana foni mlungu uliwonse, ndi mawu amodzi achinsinsi otanthauza kuti zinthu zavuta. Muuzeni momveka kuti pasipoti sapereka kwa wina aliyense kupatula wa zolowa ndi kutuluka kapena wapolisi. Womulandira akaipempha kuti aisunge, akane ali pabwalo la ndege pomwepo pamene pali anthu ndi apolisi, asanakwere galimoto. Tsiku loimbirana likadutsa ali zii, musadikire mlungu wina poopa manyazi. Kanenani kupolisi ndi ku unduna woona za maiko akunja, mutanyamula mapepala aja ndi nambala zonse zimene munatumizako ndalama.